Tisanamwe mankhwala ogonetsa, tifufuze chimene chikutidzutsa usiku

A Mkonzi,

Ndipatseniko mpata m'nyuzipepala yathuyi kuti ndilankhulepo za tulo, makamaka za anthu amene amagona bwinobwino madzulo koma n'kudzidzimuka pakati pa usiku, ena kangapo konse, ena kamodzi kokha koma n'kukhala maso ali gwa mpaka kunja kutayera. Malangizo amene timamva pa vutoli amakhala omweomwewo: siyani foni mukamakagona, musamadye usiku kwambiri, chepetsani nkhawa. Sindikuwatsutsa ayi. Chimene chimandiwawa n'chakuti amaperekedwa ngati onse osowa tulo akudwala nthenda imodzi. Anthu awiri akhoza kugona pabedi limodzi, kufunda bulangete limodzi, kudzuka ola limodzi, koma zowadzutsa zili zosiyana kutalitali. M'nyumba mwanga zinali choncho, ndipo panapita zaka tisanazindikire.

Ndine mphunzitsi wa sayansi, ndipo ntchito yanga inandizoloweza kufunsa kuti, chachititsa n'chiyani? Funso limeneli ndi limene limasowa munthu akafika kuchipatala n'kunena kuti sakugona. Kudzuka usiku kuli ngati galu amene akuuwa panja. Mukhoza kumukalipira n'kukhaladi chete, koma chimene amauwacho chikadali pomwepo. Mankhwala ogonetsa ntchito yake ndi yomweyo, kutontholetsa galuyo basi.

Amuna anga sankadandaula kuti tulo sitibwera. Iwo akangoika mutu papilo, apita. Dandaulo lawo linali mkodzo. Ankadzuka kupita kuchimbudzi mobwerezabwereza usiku uliwonse, ndipo m'mawa ankadzuka mutu ukuwawa, kukamwa kutauma, thupi lonse lili lefu. Masana ankasinza paliponse. Mukucheza nawo bwinobwino, mungoona mutu wagwera pachifuwa. BP yawo sinkatsika ngakhale ankamwa mankhwala mosadumphitsa. Anawayeza shuga, anapezeka ali bwino. Anawayeza prostate, kachiwalo kaja kamavutitsa amuna ambiri akamakula, nako kanalibe vuto loti n'kufotokoza zonsezi. Kenako anabwera kunyumba ndi timapiritsi togonetsa, ndipo masiku amene anatimwa ankadzuka atatopa kuposa kale.

Palibe amene anandifunsa ine, chonsecho umboni wonse unali ndi ine. Ankaliza mkonono woti ana ankaumva ali kuchipinda kwawo. Koma mkononowo sunkandiopsa kwenikweni. Chinkandiopsa ndi bata lobwera pambuyo pake. Mkonono unkakwera, kukwera, kenako zii. Ndikayatsa tochi ndinkaona chifuwa ndi mimba zikulimbana kukoka mpweya, koma pamphuno ndi pakamwa palibe chikulowa. Ndinkawerenga chamumtima, dzanja lili m'mwamba kufuna kuwagwedeza, mtima wanga uli thithithi. Kenako ankabwerera ndi chiphokoso cha pakhosi cha munthu wotsamwa, n'kupumira m'mwamba, miyendo n'kukankha chofunda, mkonono n'kuyambiranso. M'mawa ndikawauza ankati ndikukokomeza. Sankakumbukira kanthu. Chimene ankakumbukira ndi maulendo a kuchimbudzi aja.

Matendawa madokotala amawatcha sleep apnea, ndipo ndi kubanika kutulo. Munthu akagona minofu ya kukhosi imalefuka, lilime limabwerera kumbuyo, ndipo kwa ena njira ya mpweya imatsekeka. Okosijeni amatsika m'magazi, ubongo umadzidzimuka n'kumudzutsa munthuyo kwa kanthawi kochepa kwambiri kuti khosi litseguke, ndipo amagonanso asanadziwe kuti anadzuka. Poyeza, amawerenga nthawi zonse zimene kupuma kwaima kapena kwachepa kwambiri kwa masekondi 10 kapena kuposa. Zikamachitika ka 5 pa ola kapena kuposa, munthuyo alinso ndi zizindikiro za masana, matendawa alipo. Zikafika ka 30 pa ola ndiye kuti afika poipa. Tangoganizani, a Mkonzi, munthu kudzutsidwa pakapita mphindi ziwiri zilizonse usiku wonse, mawa lake n'kukayendetsa galimoto.

Nanga mkodzo ukubwera pati? Apa ndi pamene anthu ambiri amasocherera. Munthu akamakoka mpweya mwamphamvu khosi lili lotseka, mtima umakokeka, ndipo umayesa kuti m'thupi mwachuluka madzi. Zikatero umatulutsa homoni youza impso kuti zitaye madzi ndi mchere. Chikhodzodzo chimadzaza msanga. Munthu amadzuka n'kumati mkodzo wandidzutsa, pamene chamudzutsa ndi kubanika, mkodzowo wangoumva atadzuka kale. BP nayo imakwera nthawi iliyonse imene thupi ladzidzimuka chonchi, ndipo n'chifukwa chake madokotala amakayikira matendawa BP ikamakana kumva mankhwala. Choopsa n'chakuti mankhwala ogonetsa a mtundu wa diazepam, komanso mowa, amalefula minofu ya kukhosi kwambiri n'kuchedwetsa ubongo kumudzutsa munthu wobanikayo. Timapiritsi tija tinkawonjezera vuto lomwe tinabwerera kudzathetsa.

Zinthu zinasintha nditajambula phokoso la usiku pafoni n'kupita nawo limodzi kuchipatala. Dokotala amene tinamupeza tsiku limenelo anamvetsera pang'ono chabe, n'kuyamba kufunsa mafunso amene palibe anawafunsapo: kodi amasinza masana, kodi khosi lawo ndi lalikulu bwanji, kodi anenepa liti, kodi mphuno imatsekeka. Chithandizo chodalirika kwambiri cha matendawa ndi makina otchedwa CPAP, amene dokotala wa ku Sydney, dziko la Australia, Colin Sullivan, anawaonetsa kudziko mu 1981. Makinawa amauzira mpweya pang'onopang'ono kudzera m'chovala cha pamphuno kuti khosi lisatsekeke. Si onse angawapeze, ndikudziwa. Koma palinso zina zimene zili m'manja mwa munthu aliyense: kuchepetsa thupi, kugona chammbali m'malo mwa chagada, kusiya mowa wa madzulo, kuchiza mphuno yotsekeka. Amuna anga anayamba ndi zimenezi, makina anabwera pambuyo, ndipo maulendo a kuchimbudzi anachepa osamwa mankhwala alionse a chikhodzodzo. Ndionjezerepo kuti si matenda a amuna onenepa okha. Amagwiranso amayi, makamaka amene anasiya kusamba, anthu ochepa thupi amene ali ndi chibwano chaching'ono, ngakhalenso ana amene zilonda za pakhosi zinawatupitsa ma tonsil. Mwana woliza mkonono usiku uliwonse, wogona kukamwa kuli yasa, wosakhazikika m'kalasi, musangomuti ndi wosamva.

Sindikufuna kuti aliyense wodzuka usiku achite mantha, chifukwa kudzuka pakokha si matenda. Tulo sitiyenda mosalala kuyambira madzulo mpaka m'mawa. Mu 1953, Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman a pa yunivesite ya Chicago anaonetsa kuti pali nthawi zina usiku zimene maso a munthu wogona amayendayenda mofulumira pansi pa zikope, ndipo ndi nthawi imene maloto ambiri amabwera. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti tulo timayenda m'magawo obwerezabwereza, gawo lililonse pafupifupi mphindi 90, ndipo usiku umodzi umakhala ndi magawo anayi mpaka asanu ndi limodzi. Tulo tofa nato timachuluka kumayambiriro kwa usiku. Kukamayandikira kucha timatsala ndi tulo topepuka ndi ta maloto. Pakati pa magawowa aliyense amadzuka pang'ono, kutembenuka, kukonza chofunda, n'kugonanso osakumbukira.

Ichi ndicho chifukwa chake anthu ambiri amatchula 2 koloko kapena 3 koloko ya usiku. Pofika nthawi imeneyo ludzu lalikulu la tulo limene thupi linasonkhanitsa masana limakhala litatha, ndipo homoni ya cortisol, yokonzekeretsa thupi kudzuka, imakhala itayamba kukwera. Kanthu kakang'ono kamene sikakanakudzutsani 11 koloko kamakudzutsani mosavuta 3 koloko. Munthu akamakula tulo tofa nato timachepa, kudzuka kumachuluka. Choncho funso lofunika si lakuti ndadzuka nthawi yanji. Funso ndi lakuti, ndadzuka ndikumva chiyani, ndipo n'chiyani chikundiletsa kugonanso?

Mayankho a funso limeneli ndi amene amalozera kumene vuto lili. Apongozi anga ankadzuka kukakodza ngati mwana wawo, koma chifukwa chawo chinali china. Mankhwala awo a BP, a mtundu wotulutsa madzi m'thupi, ankamwa madzulo atatha kudya, poganiza kuti ndi nthawi imene sangaiwale. Namwino atawauza kuti azimwa m'mawa, usiku wawo unakhala bata. Anthu otupa miyendo masana nawonso amakodza kwambiri usiku, chifukwa akagona madzi amene anadikha m'miyendo amabwerera m'magazi n'kupita ku impso. Amene akukodza kwambiri komanso ali ndi ludzu losatha ndiponso akuwonda, akayezetse shuga. Amene ali kale pa insulin kapena mapiritsi ena a shuga, akamadzuka thukuta lili kamukamu, akunjenjemera, atalota zoopsa, mwina shuga watsika kwambiri usiku, ndipo zimenezi n'zofunika kuuza dokotala mwamsanga.

Mng'ono wanga, ali ndi pakati, ankati miyendo yake siimulola kugona. Sinkawawa kwenikweni, koma inkachita nyerenyere mkati, ndipo ankangomva bwino akaisuntha kapena akadzuka n'kuyendayenda m'nyumba. Masana zinkatha, madzulo akangokhala pansi zinkayambiranso. Ena ankamuseka. Chonsecho ndi matenda odziwika, amene dokotala wa ku Sweden, Karl-Axel Ekbom, anawafotokoza bwino mu 1945. Kawirikawiri amayenderana ndi kuchepa kwa ayironi m'thupi, ndipo amapezeka kwambiri mwa amayi oyembekezera ndi anthu odwala impso. Munthu akhoza kuuzidwa kuti magazi ali okwanira pamene nkhokwe ya ayironi ili yochepa, n'chifukwa chake pamafunika kuyeza kwina kotchedwa ferritin. Ndikuchenjezeni apa: mapiritsi a chimfine ndi ziwengo amene amapatsa tulo, amene anthu ambiri amagula okha kuti agone, amatha kukulitsa vuto la miyendo limeneli.

Zina ndingozitchula mwachangu. Wodzuka pamtima pakutentha, kukamwa kukuwawasa, kapena akutsokomola, aganizire za chilungulira, ndipo zimathandiza kudya patatsala maola atatu kuti mukagone, kukweza kumutu kwa bedi ndi kugonera kumanzere. Mphumu imakonda kuvuta m'bandakucha. Wodzuka akubanika mpaka kukhala tsonga kuti apume, amene amafuna mapilo ambiri kuti agone, akayezetse mtima. Chithokomiro chogwira ntchito mopitirira muyeso chimathamangitsa mtima, chimatenthetsa thupi ndi kuwondetsa. Thukuta lonyowetsa zofunda, limodzi ndi chifuwa chosatha ndi kuwonda, ndi chizindikiro chokayezetsa TB. Kwa amayi a msinkhu wanga, thukuta la usiku ndi kutentha kobwera mwadzidzidzi nthawi zambiri zimakhala za kusiya kusamba. Timachita manyazi kuzitchula, koma n'zoona ndipo chithandizo chake chilipo. Ululu wa msana ndi m'malo olumikizira mafupa nawo umadzutsa munthu akamatembenuka.

Pa mankhwala ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu amavutika mwakachetechete. Prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa amene amaperekedwanso pa mphumu, amasowetsa tulo akamwedwa madzulo. Mwa ma ARV, efavirenz amadziwika ndi maloto odabwitsa komanso kusokoneza tulo, ndipo dolutegravir amasowetsa tulo anthu ena, moti ambiri amauzidwa kuti azimwa m'mawa. Sindikunena kuti munthu asiye mankhwala ake. Kusiya n'koopsa kuposa kusagona. Ndikunena kuti mukapita kuchipatala ndi dandaulo la tulo, nyamulani mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale ogula nokha, ndipo nenani ola limene mumamwa lililonse. Nthawi zina yankho lonse limakhala kungosintha ola, ndipo wosintha akhale wachipatala.

Khofi ndi mowa aliyense amazitchula, koma ndi ochepa amene amafotokoza mmene zimachitira. Caffeine, amene ali mu khofi, tiyi, zakumwa za kola, zakumwa zopatsa mphamvu ndi mapiritsi ena a mutu, amatseka malo amene uthenga wa kutopa umafikira mu ubongo. Thupi limatenga maola pafupifupi asanu kuti lichotse theka lake. Kapu ya 4 koloko madzulo imakhala itatsalako theka 9 koloko, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi limakhalapobe 2 koloko usiku, nthawi yomwe ija tulo tapepuka. Kwa mayi woyembekezera kapena womwa mapiritsi olera amachedwa kutha kuposa pamenepa. Ndiye munthu woti "ine ndimamwa khofi n'kugona pomwepo" akunena zoona, koma sakudziwa kuti khofiyo amadzamupeza pakati pa usiku. Mowa ndi wachinyengo kwambiri. Umagonetsa msanga, koma ukamatha m'magazi ubongo umagalamuka, ndipo theka lachiwiri la usiku limakhala la maloto osokonekera, thukuta ndi ludzu. Osuta fodya kwambiri nawo thupi limawadzutsa likayamba kufuna chikonga.

Pali kudzuka kwina kumene ndikupempha kuti tisakutenge mopepuka. Munthu amadzuka maola awiri kapena kuposa nthawi yake yodzukira isanakwane, tulo osabweranso, mtima uli wolemera, akudziimba mlandu pa chilichonse, ndipo m'mawa ndi nthawi imene amamva kuipa kwambiri. Zimene ankakonda sizimusangalatsanso, chakudya sichikoma. Kumeneku kumakhala chizindikiro cha matenda ovutika maganizo, ndipo amachizika. Munthu wotere akayamba kunena kuti kuli bwino kufa, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mapiritsi ogonetsa okha sangamuthandize, ndipo kumusiyira botolo lonse m'manja n'koopsa.

Tsopano za ine mwini. Amuna anga atayamba kugona mwabata, ine ndinapitiriza kudzuka. M'chipinda muli zii, palibe wobanika, koma ine maso tseguu. Ndinkatambasula dzanja kuyang'ana wotchi, n'kuyamba masamu: ndikagona pompano nditsala ndi maola atatu, ndikachedwa atsala awiri, mawa ndili ndi kalasi yoyamba, ndikaphunzitsa bwanji. Ndinkatembenuza pilo kuti ndipeze mbali yozizira, kutseka maso mwamphamvu, kudziuza kuti gona, gona. Tulo tikamva kuti ukutifuna ndi mphamvu timathawa. Chodabwitsa chinali chakuti pampando wa pabalaza ndinkasinza mosavuta, koma ndikangofika pabedi tulo tonse balala. Anandiyeza zonse zimene ndatchula pamwambazi. Kupatula thukuta la msinkhu wanga, lomwe linali lochepa, panalibe china.

Katswiri wa tulo wa ku America, Arthur Spielman, anafotokoza kuti kusowa tulo kwa nthawi yaitali kumakhala ndi mbali zitatu: chibadwa cha munthu, chimene chinayambitsa, ndi chimene chikupitiriza. Choyambitsa chikhoza kukhala maliro, matenda, khanda, ngongole, kapena, ngati ine, zaka zogona khutu lili tcheru. Choyambitsacho chimatha, koma ubongo umakhala utaphunzira kale kuti bedi ndi malo olondera. Ndipo zimene timachita pofuna kudzithandiza ndi zimene zimapitiriza vutolo: kulawirira kukagona, kuchedwa kudzuka Loweruka ndi Lamlungu, kugona masana, kukhala pabedi maola 10 kuti mwina tipezepo asanu. Madokotala amati kusowa tulo kwakhazikika ngati kukuchitika mausiku atatu kapena kuposa pa sabata, kwa miyezi itatu kapena kuposa, ndipo kukusokoneza ntchito za masana.

Chithandizo chake choyamba si piritsi. Mu 2016 bungwe la madokotala la American College of Physicians linalangiza kuti wamkulu aliyense wosowa tulo kwa nthawi yaitali ayambe ndi njira yotchedwa CBT-I, yophunzitsanso thupi ndi maganizo kugona. Mbali ina ya njirayi inachokera kwa katswiri wa za maganizo Richard Bootzin mu 1972. Pabedi upite pokhapokha tulo takugwira. Ukadzuka n'kuona kuti papita kanthawi, mwina mphindi 20 mongoyerekeza, tulo osabwera, dzuka, kakhale pena pamene pali kuwala kochepa, chita kanthu kofatsa, ubwerere ukayamba kusinza. M'mawa dzuka ola lomwelo tsiku lililonse, ngakhale wagona pang'ono bwanji. Mbali ina, ya Spielman yemwe uja, ndi kuchepetsa maola okhala pabedi kuti ayandikire maola amene ukugonadi, kenako kuwonjezera pang'onopang'ono tulo tikayamba kugwirana.

Sindikubisirani, n'zowawa. Kuchoka m'bulangete lofunda pakati pa usiku wozizira n'kukakhala pampando, anthu onse m'nyumba akugona, kumafuna mtima. Wotchi ndinaitembenuzira kukhoma. Ndinkakhala pabalaza ndi kabuku kosasangalatsa kwenikweni, kuyembekezera kuti zikope zilemere. Masiku oyamba ndinkatopa kuposa kale, ndipo ndinkafuna kusiya. Koma patapita masabata angapo ndinaona kuti ndikadzuka usiku ndimangotembenuka n'kugonanso, popanda masamu aja. Wodwala khunyu, wodwala matenda a maganizo osinthasintha kwambiri, ndi amene ntchito yake ndi yoyendetsa galimoto kapena makina, asayese kuchepetsa maola a pabedi payekha popanda wachipatala.

Chinanso chinandichepetsera mantha ndi mbiri yakale. Katswiri wa mbiri Roger Ekirch anapeza m'zolemba zakale za ku Ulaya kuti magetsi asanabwere anthu ankalankhula za tulo toyamba ndi tulo tachiwiri, ndipo pakati pake ankadzuka, kupemphera, kucheza, n'kugonanso. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, wofufuza wina, Thomas Wehr, anaika anthu mumdima maola 14 usiku uliwonse kwa milungu ingapo, ndipo tulo tawo tinagawika pawiri, pakati pali ola limodzi kapena angapo okhala maso mwabata. Sindikunena kuti tonse tizigona motero. Akatswiri amati wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposa. Koma munthu amene amadzuka kamodzi, n'kugonanso, masana ali ndi mphamvu, alibe matenda, ndipo asalole kuti mantha amupatse matenda amene analibe.

Mankhwala ogonetsa ali ndi malo ake. Munthu amene waferedwa kapena wakumana ndi zoopsa akhoza kuthandizidwa nawo kwa masiku ochepa. Vuto ndi pamene masiku ochepawo asanduka miyezi. Thupi limazolowera, piritsi limodzi silikwananso, ndipo ukasiya mwadzidzidzi tulo timasoweratu kuposa poyamba, munthu n'kumakhulupirira kuti sangagone popanda iwo. Amene wamwa diazepam kapena ofanana naye kwa nthawi yaitali asasiye tsiku limodzi, chifukwa akhoza kukomoka; amachepetsa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi dokotala. Kwa okalamba mankhwalawa amabweretsa chizungulire, kuiwala ndi kugwa, ndipo agogo ogwa usiku popita kuchimbudzi n'kuthyoka chiuno nthawi zambiri sabwereranso mwakale.

Kwa anzanga ovutika, pempho langa ndi lakuti musapite kuchipatala ndi mawu anayi okha akuti "sindikugona bwino masiku ano". Tengani kope, ndipo kwa milungu iwiri lembani m'mawa uliwonse: ndinapita pabedi nthawi yanji, ndinadzuka kangati mongoyerekeza, ndinadzuka ndikumva chiyani, ndinamwa chiyani dzulo ndipo nthawi yanji, ndinagona masana kapena ayi. Lembani m'mawa, osati usiku, kuti kopelo lisasanduke wotchi ina. Funsani amene mumagona naye chipinda chimodzi zimene amaona ndi kumva, ndipo mukhulupirireni akakuuzani. Ngati n'kotheka pitani naye. Amene mumagona nokha, siyani foni ikujambula mawu usiku umodzi kapena awiri. Mkonono, bata ndi kutsamwa zimamveka bwino.

Kwa achipatala, ndikudziwa mzere umakhala wautali ndipo nthawi ndi yochepa. Koma mafunso ochepa satenga mphindi zambiri: kodi vuto ndi kuyamba kugona kapena kudzuka pakati, mumaliza mkonono kapena kubanika, mumakodza kangati, miyendo imakuvutani, mumamwa mankhwala anji ndipo nthawi yanji, mtima wanu uli bwanji masiku ano. Mayankho ake akhoza kupulumutsa munthu ku zaka za mapiritsi osayenera, ndipo nthawi zina amavumbula shuga, mtima kapena matenda a maganizo akadali koyambirira.

Ndipo kwa inu a Mkonzi, ndikupempha kuti pa tsamba lanu la zaumoyo muitane madokotala ndi anamwino adzafotokoze zifukwa zimenezi chimodzichimodzi, sabata ino kubanika kutulo, sabata inayo mkodzo wa usiku, kenako miyendo, kenako maganizo, m'chilankhulo chimene agogo angamve mdzukulu akamawawerengera. Muyambe ndi kubanika kutulo, ndipo mulembe mosapita m'mbali kuti munthu amene wayamba kusinza akuyendetsa galimoto, kapena amene mnzake wamuona akusiya kupuma kutulo, asadikire milungu iwiri ya kope ija. Apite kuchipatala sabata yomweyo, ndipo asagwire chiwongolero ali ndi tulo m'maso.

Ine wanu,
Mayi mphunzitsi, wowerenga nyuzipepala yanu